Botolo lakale la arsenic trichloride mu labu ya sukulu: musalitsegule, musalithire madzi, musalikwirire

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chemistry pa sekondale ina kuno ku Kasungu. Posesa m'kachipinda kosungiramo mankhwala a mu labu tapeza botolo lagalasi lakalekale lolembedwa kuti Arsenic trichloride, AsCl3. Muli madzi opanda mtundu, ooneka ngati mafuta, mwina mamililita 100. Pakhosi pa botolo pamatirira zoyera ngati mchere, ndipo shelefu yachitsulo pomwe lili yadyeka ndi dzimbiri. Palibe akudziwa kuti linabwera liti. Dzulo bambo amene amatithandiza mu labu anapotokola chivindikiro pang'ono, panatuluka utsi woyera, anatsekanso msanga, koma chiyambire pamenepo akutsokomola ndipo maso akuwawawa. Anzanga ena akuti tisungunule ndi madzi ambiri tithire m'chimbudzi chokumba, ena akuti tikakwirire kuseri kwa bwalo la mpira. Kodi mankhwalawa ndi otani, nanga titani nawo? Ndingakondenso kudziwa zomwe ndingafotokozere ana a Fomu 4.

Yankho: Aphunzitsi, tiyambe ndi bambo aja. Apite kuchipatala lero lomwe, asadikire kuti aone ngati chifuwacho chikula. Utsi umene anapuma uja umawotcha njira ya mpweya, ndipo kuipa kwake n'kwakuti nthawi zina munthu amaoneka ngati wapeza bwino, kenako patapita maola, mwina usiku ali mtulo, madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapo. Muwalembere papepala dzina lonse la mankhwalawo, tsiku ndi nthawi yomwe anapuma utsiwo, kuti a dokotala pa chipatala cha boma ku Kasungu asayambe ndi kuganiza za chimfine. Botolo lisapite nawo. Ngati mukufuna choonetsa, lijambuleni pa foni muli chapatali. Asananyamuke atsuke m'maso ndi madzi aukhondo oyenderera kwa mphindi zosachepera 15. Malaya amene anavala tsikulo aikidwe m'jumbo n'kumanga, asakachapidwe pamodzi ndi zovala za ana kunyumba.

Tsono malangizo a anzanu aja. Onse awiri ndi oopsa, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Arsenic ndi element. Si chinthu chimene mungachiphwanye kuti chisanduke china chosavulaza, monga momwe mankhwala ambiri ophera tizilombo amathera mphamvu akakhalitsa padzuwa kapena m'dothi. Madzi samuwononga, moto samuwononga, dothi silimuwononga. Zonsezi zimangomusuntha kuchoka m'botolo, mmene ali pamalo amodzi odziwika, n'kumupititsa komwe simungamutolenso. Pakadali pano botolo limenelo, ngakhale likuchucha, ndiye malo abwino koposa amene arsenic ameneyu angakhale pa sukulu panu.

Arsenic ali pa nambala 33 pa periodic table, m'gulu limodzi ndi nitrogen ndi phosphorus, gulu lija mabuku ena amati Gulu V, ena Gulu 15. Ali ndi maelekitironi 5 kunja kwake. Mu AsCl3, atatu mwa amenewa agwirana ndi maatomu atatu a chlorine, ndipo awiri otsalawo ali paokha. Awiri apaokhawo amakankhira ma chlorine mbali imodzi, choncho molekyulu yake siikhala yafulati. Imakhala ngati mphika pa mafuwa, arsenic pamwamba, ma chlorine atatu pansi, ngodya ya pakati pawo ili pafupifupi madigiri 98. Ndi kapangidwe komwe ana amakadziwa kale pa ammonia, kungoti pa ammonia ngodyayo ndi pafupifupi 107.

Popeza arsenic ndi chlorine akugawana maelekitironi, palibe wolanda mnzake, AsCl3 ndi timamolekyulu toima patokha tosakokana mwamphamvu. N'chifukwa chake mwaipeza ili yamadzi, pamene mchere wathu wothira m'ndiwo, womwenso ndi chloride, umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti usungunuke. AsCl3 imauma pa madigiri 16 kunsi kwa ziro, imawira pa madigiri 130. Ndi yolemera ndithu: mililita imodzi imalemera magalamu 2.16, kuposa kawiri kulemera kwa madzi. Musanamizike ndi 130 ameneyo n'kumaganiza kuti popanda kuiwiritsa siuluka. Imatulutsa nthunzi ngakhale ili phee pa shelefu, ndipo m'kachipinda kofolera malata, mwezi wa October ku Kasungu, imatulutsa yochuluka. Nthunziyo ndi yolemera pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa mpweya wamba, choncho m'chipinda chotseka imakonda kutsikira pansi, kumene munthu wosesa amaweramira.

Chimene chikuchitika pakhosi pa botolo lanu ndi ichi:

AsCl3 + 3H2O ⇌ As(OH)3 + 3HCl

Madzi ake safunika kuchita kuthira. Chinyezi cha mumpweya n'chokwanira, makamaka nyengo yadzinja. Utsi woyera umene bambo aja anaona ndi timadontho ta hydrochloric acid, HCl, tosakanikirana ndi arsenic. M'maso, m'mphuno ndi kummero muli chinyezi, ndiye zomwe zalembedwa pamwambazi zimachitikira pomwepo, pa mnofu wa munthu. Asidi yemweyo ndi amene wadya shelefu, ndipo dzimbirilo likukuuzani kuti chivindikiro chinasiya kugwira kalekale. Zoyera zomwe zamatirira pakhosipo ndizo ndikufuna muziope koposa. As(OH)3 ikauma imasiya arsenic trioxide, As2O3, ufa woyera umene wapha anthu ambiri m'mbiri ya dziko. Sununkha, suwawa pa lilime, ndipo mamiligalamu 200, ngakhale ochepera apo, akhoza kupha munthu wamkulu. Mu 1858 ku Bradford, ku England, wogulitsa mankhwala anapereka ufa umenewu molakwitsa kwa wopanga maswiti, akuyesa ndi ufa wina woyera wosavulaza. Anthu oposa 200 anadwala, pafupifupi 20 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Choncho fumbi la pa shelefuyo ndi pansi pake lisasesedwe ndi tsache, lisapukutidwe ndi sanza imene mawa ikapukute matebulo a ana.

Mwaona kuti pa equation ija ndaika mivi yoloza mbali zonse ziwiri. Pamenepa AsCl3 ikusiyana ndi mnzake phosphorus trichloride, PCl3, amene akakumana ndi madzi amaphwanyika kotheratu osabwereranso. Za arsenic zimatha kubwerera. Asidi wamphamvu akagwera pa zoyerazo, gawo lina limasandukanso chinthu chouluka. Wina asati atenge mankhwala otsukira m'zimbudzi, amene ambiri mwa iwo ali ndi asidi, kuti achotsere zoyera za pa shelefu. Dziwaninso kuti m'botolo lomwe mwakhala mukulowa chinyezi zaka zambiri mumatha kudzazana mpweya wa HCl, kotero kuti potsegula zam'katizo zikhoza kuthovokera kumaso. Bambo aja anachita mwayi kuti munangotuluka utsi.

Tiyeni tiwerengere limodzi maganizo osungunula ndi madzi aja. Mamililita 100 a AsCl3 ndi magalamu 216. Mwa magawo 100 aliwonse a kulemera kwake, magawo 41 ndi arsenic weniweni, ndiye kuti m'botolomo muli arsenic pafupifupi magalamu 90. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 a arsenic pa lita imodzi, muyezo umene linautsitsa kuchoka pa 50 mu 1993. Kuti magalamu 90 asungunuke mpaka kufika pa muyezo umenewo pafunika malita pafupifupi 9 miliyoni, kapena kuti migolo 45,000 ya malita 200. Ndowa khumi za pa mjigo sizingachite kanthu. Mukathira m'chimbudzi chokumba, choyamba wothirayo ndi ana olowamo pambuyo pake apuma utsi wa asidi m'kachipinda kopanda mawindo. Kenako mvula ikagwa, madzi apansi n'kukwera, arsenic ayamba ulendo. Mtundu wa arsenic umene uli m'botolo lanu, umene akatswiri amaulemba As(III), ndi umene umayenda mosavuta m'madzi apansi, makamaka m'dothi lonyowa losowa mpweya monga la m'chimbudzi kapena kudambo. Sukulu zathu zambiri mjigo ndi zimbudzi sizitalikirana kwenikweni, ndipo kumunsi kuli zitsime za anthu ndi madimba. Ku Bangladesh anthu mamiliyoni akhala akumwa arsenic wochokera m'nthaka kudzera m'mijigo kwa zaka, madziwo ali mbee, osanunkha, osasintha kukoma. Zinadzadziwika anthu atayamba kutuluka mawanga pakhungu ndi zikundu m'manja. Wawo uja anachokera m'miyala, sanachite kuthira munthu. Ife tisadziyambitsire tokha.

Palinso ngozi ina pa nkhani ya madziyi imene anthu ambiri saidziwa, ndipo imandidetsa nkhawa kuposa zonse chifukwa ndi yosavuta kuigweramo. Munthu wofuna kusungunula mankhwala pa sukulu atenga chiyani? Ndowa yachitsulo, yonyezimira ija. Kunyezimirako ndi zinc. AsCl3 ikalowa m'madzi imapanga asidi, asidi akadya zinc pamatuluka hydrogen, ndipo pamene pali arsenic pamatulukanso mpweya wotchedwa arsine, AsH3. Arsine saoneka, sayabwa m'maso kapena kummero kuti munthu athawe, ndipo kafungo kake konga ka adyo kamamveka mlingo woopsa utapitirira kale. Amaphwanya maselo ofiira a m'magazi. Patapita maola munthu amamva mutu, m'mimba ndi msana, mkodzo n'kusanduka wofiira moderako, maso achikasu, kenako impso n'kuleka kugwira ntchito. Anthu afapo m'mafakitale chifukwa cha ndowa kapena makwerero achitsulo amene anakhudzana ndi asidi wokhala ndi arsenic. Kusintha komweku n'kumene James Marsh anagwiritsa ntchito mu 1836 popanga njira yodziwira arsenic m'thupi la munthu wophedwa ndi poizoni. Pa nkhani yathuyi phunziro ndi lachidule: chilichonse cha malata, cha zinc kapena cha aluminium chisayandikire botololi.

Kukwirira n'kungochedwetsa zomwezo. Chivindikiro chikuchucha kale, dothi lili ndi chinyezi, ndipo zaka zisanu zikubwerazi inu mudzakhala mutasamutsidwa, wina akukumba maziko a kalasi kapena kulima mbatata pomwepo. Kutentha n'koipitsitsa, chifukwa arsenic trioxide amauluka pa moto n'kukhala utsi, wotsalayo n'kukhala m'phulusa. Pano ndipatuke pang'ono, poti nkhani ya phulusayi imakhudza makomo ambiri. Mitengo ndi matabwa ena onyikidwa m'mankhwala oteteza ku chiswe, obiriwira aja, amakhala ndi copper, chromium ndi arsenic. Zidutswa zake zisalowe pa moto wophikira kapena wootchera chimanga, ndipo phulusa lake lisathiridwe m'dimba, ng'ombe zisalinyambite. Chimodzimodzinso madibi akale a ng'ombe. Kum'mwera kwa Africa kuno, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkhupakupa zofalitsa chigodola ankaziphera m'madibi a arsenic, ndipo kumene anthu ayeza dothi la pa madibi otere apeza arsenic akadalipo patapita zaka makumimakumi mankhwalawo atasiyidwa.

Nanga m'thupi amachita chiyani? AsCl3 imavulaza pawiri. Mbali ya chlorine imawotcha pomwe yakhudza: khungu limatuluka matuza, diso likhoza kuchita khungu. Mbali ya arsenic imalowa m'magazi, kudzera m'mapapo, m'mimba, ngakhale pakhungu lomwe lapsalo. Anthu afapo chifukwa chongotayikiridwa pakhungu, osamwa n'dontho lomwe. Arsenic wa As(III) amakonda sulfur kwabasi. M'maselo athu muli ma enzyme ambiri, timapuloteni toyendetsa ntchito za thupi, amene ntchito yawo imadalira timagulu ta sulfur ndi hydrogen, ndipo arsenic akafika amagwira timagulu timeneti n'kukakamira. Amene amavulala kwambiri ndi enzyme yotchedwa pyruvate dehydrogenase, imene imatsegula njira yoti shuga asanduke mphamvu m'selo. Imadalira kachinthu kotchedwa lipoic acid, kokhala ndi ma sulfur awiri oyandikana, ndipo arsenic amagwira onse awiri nthawi imodzi. Zikatero selo limafa ndi njala chakudya chili pomwepo. N'chifukwa chake poizoniyu sasankha chiwalo: matumbo, mtima, chiwindi, impso, mitsempha, zonse zimakhudzidwa.

Munthu amene walandira wambiri nthawi imodzi amamva kutentha kummero, amasanza, m'mimba mumapota, ndipo amatsegula m'mimba kwambiri, chimbudzi chamadzi chonga madzi otsukira mpunga. Apa ndi pamene pali msampha kwa ife kuno, chifukwa zizindikiro zimenezi n'zofanana ndi za kolera, ndipo m'nyengo yamvula aliyense aganiza za kolera poyamba. Ku Ulaya kale anthu ambiri ophedwa ndi arsenic ankaikidwa m'manda akuyesedwa kuti afa ndi kolera. Ndicho chifukwa ndalimbikira za pepala lija. Magazi amathamanga motsika, mtima umagunda mosokonekera, ndipo mpweya wa munthuyo nthawi zina umanunkha adyo. Amene wapulumuka masiku oyambawo, pakatha sabata imodzi mpaka zitatu amatha kuyamba dzanzi ndi kutentha kumapazi ndi m'manja, ndipo pakatha mwezi kapena kuposerapo pa zikhadabo pamaoneka mizere yoyera yopingasa. Wolandira pang'onopang'ono kwa zaka amada khungu mwa mawangamawanga, zikhato ndi mapazi zimakhakhala, ndipo mapeto ake akhoza kukhala khansa ya pakhungu, ya m'mapapo kapena ya chikhodzodzo. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika arsenic m'gulu loyamba, la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Sindikunena izi kuti bambo aja ataye mtima. Kupuma kamodzi kwa kanthawi kochepa nthawi zambiri kumathera pa kupsa kwa kummero ndi m'maso. Koma ngati akhala akugwira ntchito m'kachipindako zaka zambiri, auzeni a dokotala zimenezonso. Arsenic sakhalitsa m'magazi, amayezedwa bwino mu mkodzo, ndipo kuyezako kumafunika masiku oyambirira.

Mwina mukudabwa kuti ndaletsa madzi pa botolo koma ndalamula madzi m'maso. Kusiyana kwake ndi kuchuluka. Pakhungu pamagwera madontho ochepa, ndipo madzi ambiri oyenderera amawachotsa asanalowe m'kati. Choncho wina akatayikiridwa, avule zovala msanga, ngakhale kuchita kuzidula, asambe madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo womuthandizayo asagwire ndi manja osavala kanthu. Wina akameza, musamusanzitse, chifukwa chomwe chawotcha potsika chiwotchanso pokwera, ndipo chikhoza kulowa m'mapapo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu akamwa poizoni timathamangira mkaka, mafuta ophikira kapena makala osinja. Pa arsenic zimenezi sizithandiza, ngakhale makala a kuchipatala omwe samugwira bwino, ndipo zimangodya nthawi yomwe mukanakhala muli pa msewu.

Mankhwala ake alipo, ndipo mbiri yake ikukhudzana ndi botolo lanu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1918, akatswiri a ku America motsogozedwa ndi Winford Lee Lewis anakonza chida chankhondo cha poizoni chokhala ndi arsenic, chotchedwa lewisite, chimene chimatulutsa matuza pakhungu ndi kuwononga mapapo. Nkhondo yachiwiri itayamba, a ku Britain ankaopa kuti chigwiritsidwa ntchito pa iwo, ndipo ku Oxford gulu la Rudolph Peters linapeza mankhwala othana nacho, dimercaprol, amene mpaka lero amadziwika kuti BAL, chidule cha British Anti-Lewisite. Nzeru yake ndi yokongola. Popeza arsenic amakonda ma sulfur awiri oyandikana, anamupangira kamolekyulu kokhala ndi ma sulfur awiri otero, kuti asiye enzyme agwire ikoko, kenako atuluke ndi mkodzo. Pambuyo pake panabwera ena ofatsirapo, DMSA ndi DMPS, amene munthu akhoza kumwa. Awa ndi mankhwala operekedwa ndi dokotala yekha, ndipo zikafunika wodwala amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chifukwa cha mbiri ya lewisite imeneyi, arsenic trichloride inalembedwa pa ndandanda wachiwiri wa pangano la mayiko loletsa zida za poizoni, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1997 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la OPCW ku The Hague. Malawi ali m'panganoli. Choncho botololi si logulitsa, si lopatsa munthu aliyense amene wabwera n'kunena kuti akudziwa kotaya, ndipo makiyi a chipindacho akhale ndi munthu mmodzi wodziwika. Ntchito zovomerezeka za arsenic trichloride ndi za m'mafakitale ndi m'malabu a kafukufuku, monga kuyeretsa arsenic wopangira gallium arsenide wa mu zipangizo zamagetsi. Pa sekondale palibe phunziro limene limaifuna.

Kwa inu a ku Kasungu nkhani ya arsenic ndi BAL si yachilendo monga ikumvekera. Midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park, monganso ya ku Nkhotakota ndi ku Vwaza, imadziwa kashembe ndi matenda a kaodzera. Kwa zaka zambiri, kaodzera akafika mu ubongo, mankhwala ake anali melarsoprol, jekeseni wowawa uja, amene Ernst Friedheim anamutulutsa mu 1949. Melarsoprol ndi mankhwala a arsenic omangiriridwa ku BAL kuti ukali wake uchepe. Ngakhale anamangidwa chotero, mwa odwala 100 olandira mankhwalawa, 5 mpaka 10 ankatupa ubongo, ndipo pafupifupi theka la amenewo ankamwalira. Madokotala ankaperekabe chifukwa kaodzera wosachizidwa amapha ndithu. Pambuyo pake kunabwera mapiritsi a fexinidazole, opanda arsenic, amene anayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo WHO inawavomereza pa kaodzera wa mtundu wathu uno mu 2024. Ngati arsenic woyezedwa bwino, womangidwa dala, woperekedwa ndi dokotala ankachita zotero, ganizirani wa m'botolo lanu amene sanamangidwe ndi kanthu.

Chochita tsopano. Khomani chipindacho, mumate chikalata pachitseko, ndipo ngati chili ndi windo loloza panja kumene ana sadutsa, likhale lotsegula. Ngati chipindacho chikulumikizana ndi labu, makalasi a mu labu ayambe aima. Ahedi alembe kalata lero kupita ku ofesi ya maphunziro ya Central East Education Division, yomwe ili pa Kasungu pomwepo, ndi kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma, kuti nkhaniyi ifike ku MEPA, bungwe lomwe lamulo la zachilengedwe la 2017 linalipatsa udindo pa zinyalala zoopsa. M'kalatamo mukhale dzina la mankhwala, kukula kwa botolo, chithunzi, mawu akuti likuchucha, ndiponso kuti munthu mmodzi wavulala kale. Mawu otsirizawa asachotsedwe pofuna kuteteza mbiri ya sukulu, chifukwa ndi amene amachititsa kuti kalata iyende msanga. Akatswiri a Chemistry a ku yunivesite, ku Zomba kapena ku Mzuzu, akhoza kukulangizani pa foni muli kudikira. Akadzabwera otenga, iwo adziwa kusandutsa arsenic kukhala chinthu cholimba chosasungunuka m'madzi n'kukachisunga koyenera. Imeneyo si ntchito ya pa sukulu.

Ine ndingakonde kuti botololo lisakhudzidwe n'komwe. Koma shelefu yodyeka ikhoza kugwa, ndipo botolo losweka pansi ndi tsoka lalikulu kuposa lochucha. Ngati mwaona kuti shelefuyo siilimba, ndipo galasi lilibe mng'alu, munthu wamkulu mmodzi, wina ataima pakhomo kumuyang'anira, achite izi m'mawa kukadali kozizira, chipinda chitapitidwa mphepo: avale magalasi otseka maso mbali zonse, magolovesi ochindikala a mankhwala, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka. Magolovesi opyapyala a kuchipatala sakwanira, ndipo masiki ansalu kapena apepala satchinga nthunzi imeneyi. Akonzeretu ndowa ya pulasitiki yochindikala, ya chivindikiro, yothiramo mchenga wouma gwa. Anyamule botolo ndi manja awiri, osagwira pakhosi, osalipendeketsa, osayesa kumanga chivindikiro, aliimike mumchengamo, athire mchenga wina m'mbali mpaka m'mapewa mwa botolo, avindikire, alembe dzina pandowapo. Ndowayo ikhale pansi pakona, kutali ndi madzi, ma asidi ndi zitsulo. Magolovesiwo alowe m'jumbo, akhale pomwepo. Botolo likasweka, aliyense atuluke, mutseke chitseko, musathirepo madzi, musakolope, muimbire akuluakulu aja ndi apolisi.

Botolo lotere kawirikawiri silikhala lokha. Amene adzabwere adzayang'anenso mashelefu onse, ndipo inu mukhoza kuwathandiza ndi mayina amene mukuwaona osagwira kanthu. Lililonse lolembedwa arsenic, arsenious, arsenite kapena arsenate ndi la banja lomweli. AsCl3 ili ndi abale ake enieni. Arsenic trifluoride ndi yamadzi, imawira pa madigiri pafupifupi 60, ndipo ikapeza chinyezi imatulutsa hydrofluoric acid amene amadya galasi ndi kulowa mpaka ku fupa. Arsenic tribromide ndi yolimba, yoyera mwachikasu, koma imasungunuka pa madigiri 31, ndiye kuti kwanu kuno masana otentha mukhoza kuipeza ili yamadzi. Arsenic triiodide ndi yofiira ngati lalanje lakupsa, ndipo kale inkalowa m'mankhwala a matenda a pakhungu.

Kwa ana a Fomu 4, bolodi ndi choko n'zokwanira, ndipo muli phunziro labwino kwambiri mmenemu. Ajambulitseni maelekitironi a NH3, PCl3 ndi AsCl3, aone okha kuti kapangidwe n'kamodzi chifukwa gulu ndi limodzi. Afunseni chifukwa chake NaCl ndi mwala pamene AsCl3 ndi madzi. Kenako tsikani nawo m'gululo, muone zimene chloride iliyonse imachita ndi madzi. PCl3 imaphwanyika mwaukali osabwerera. AsCl3 imaphwanyika koma ikhoza kubwerera. SbCl3 ndi BiCl3, za antimony ndi bismuth, zimaphwanyika theka, n'kusiya zoyera zosasungunuka, SbOCl ndi BiOCl. Mwana akaona mndandanda umenewu amamvetsa tanthauzo la mawu aja akuti potsika m'gulu element imanka nikhala ngati chitsulo, ndiponso chifukwa chake arsenic, amene ali pakati, amatchedwa metalloid. Ana ochangamuka adzafunsa kuti bwanji PCl5 ilipo m'mabuku koma AsCl5 siimveka. Ayankheni kuti ilipo koma ndi yosakhazikika: Konrad Seppelt anaipanga mu 1976 pozizira koopsa, ndipo imaphwanyika ikangofunda kufika pa madigiri 50 kunsi kwa ziro. Apatseninso samu ya malita 9 miliyoni ija aiwerengere okha kuchokera pa kulemera kwa maatomu, arsenic 75, chlorine 35.5. Ngati labu yanu ili ndi bismuth chloride kapena bismuth nitrate, mukhoza kuwaonetsa mivi iwiri ija ndi maso, inuyo mutavala magalasi: sungunulani pang'ono mu hydrochloric acid wosalimba, thirani madzi aone kuyera kukubwera, muwonjezere asidi aone kukuchoka.